Kaundula wa Bungwe Akhale Ngati Mjigo Wathu

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa mabungwe othandiza anthu a m'dera la Gogo Chalo Mlolo, pamaso pa mafumu, komiti ya chitukuko ya dera ndi anthu a m'wodi.

 

Nkhani imene ndapemphedwa kuti ndikambe imamveka ngati ya anthu a m'maofesi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndi nkhani ya kasankhidwe ka pulogalamu ya pakompyuta yoti bungwe lothandiza anthu lizisungiramo maina ndi mbiri ya ntchito yake. Komatu eni ake enieni a nkhaniyi ali pabwalo pompano. Ndi mayi wamasiye amene dzina lake linali m'kaundula chaka chatha koma chaka chino silikuoneka. Ndi mwana wa Fomu 2 amene wabwezedwa kusukulu chifukwa palibe akukumbukira kuti fizi yake inalipiridwa mpaka temu iti. Ndi nyakwawa imene ikunyozedwa kuti inadya maina, pamene maina anapita ndi madzi. Chifukwa cha anthu amenewa, nkhaniyi iyenera kukambidwa pano, m'chilankhulo chathu.

Njira zitatu zimene maina amasowera

Mabungwe athu ambiri, kaya ndi osamalira ana amasiye, kaya ndi a achinyamata, kaya ndi a mpingo, amasunga zonse m'kope lalikulu limene limakhala kunyumba kwa mlembi. Kopelo latithandiza zaka zambiri ndipo sindinabwere kudzalinyoza. Koma ife timakhala pakati pa Shire ndi Ruo. Mu Januwale 2015 madzi anazungulira Makhanga mpaka anthu anachita kupulumutsidwa pa mabwato ndi ndege. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu 2022 kunabwera Ana ndi Gombe motsatizana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala m'dziko muno. Munthu amene akuthawa madzi usiku amanyamula mwana ndi bulangeti. Kope la bungwe limatsala pa thandala, ndipo mbiri ya zaka khumi imasanduka phala.

Zikatero, kalembera amayambiranso pa msasa. Bungwe lililonse limafika ndi mapepala akeake. Banja lina limalembedwa katatu, lina osalembedwa n'komwe, ndipo mkangano wonse umagwera mafumu ndi makomiti a m'midzi.

Njira yachiwiri siyenda ndi madzi. Bungwe lalikulu limabwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu, limalemba maina athu bwinobwino m'matabuleti, kenako pulojekiti imatha. Ogwira ntchito amapita, matabuleti amapita, maina nawonso amapita. Bungwe la m'mudzi limene latsala kuti lipitirize ntchitoyo limayambira pa pepala loyera.

Njira yachitatu ndi ya munthu mmodzi. Zonse zimakhala m'foni kapena m'laputopu ya mlembi. Tsiku limene wapita ku Joni, wasemphana ndi anzake, kapena watisiya, bungwe limatsala lopanda chikumbumtima cha zimene linachita.

Pulogalamu imene tikunenayi ndi yotani?

Akatswiri amaitchula mwachidule kuti CRM. Inayambira kwa amalonda amene ankafuna kudziwa makasitomala awo: anagula chiyani, liti, ndipo analonjezedwa chiyani. Mabungwe othandiza anthu anaona kuti nawonso ali ndi magulu atatu a anthu ofunika kuwakumbukira. Gulu loyamba ndi la othandizidwa. Lachiwiri ndi la othandiza, kuyambira mwana wa kuno amene akugwira ntchito ku Nchalo kapena ku Johannesburg n'kumatumiza kangachepe, mpaka bungwe la kunja lopereka mamiliyoni. Lachitatu ndi la ogwira ntchito mongodzipereka.

Pulogalamu yotere imapatsa munthu aliyense tsamba lake. Pa tsambalo pamalembedwa mudzi wake, zimene walandira kapena wapereka, tsiku lake, ndi amene anamuyendera. Ikafika nthawi yolemba lipoti lopita ku ofesi ya zosamalira anthu, ku khonsolo, kapena ku NGORA kwa mabungwe olembetsedwa kumeneko, mawerengero amatuluka okha mosachita kugona usiku ukuwonkhetsa.

Tisasokoneze kaundula ameneyu ndi wa UBR. Kalembera wa UBR ndi wa boma, ndipo amathandiza posankha mabanja oyenera kulowa m'mapulogalamu monga Mtukula Pakhomo. Kaundula wa bungwe salowa m'malo mwake. Iye amayankha funso lina: ife monga bungwe tinachita chiyani, kwa yani, tsiku liti, ndi ndalama za yani?

Tanthauzo la open source

Mapulogalamu alipo a mitundu iwiri. Ena mwini wake amabisa kapangidwe kake. Mumalipira kuti mugwiritse ntchito, koma simuloledwa kutsegula m'kati, ndipo akawonongeka wokonza ndi mwini wake yekhayo kapena amene iye wamuvomereza. Ena kapangidwe kake kali poyera. Aliyense ali ndi ufulu wowatenga, kuwawerenga, kuwasintha ndi kugawira ena. Amenewa ndiwo amatchedwa open source.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tiyang'ane mjigo umene uli m'mudzi mwanu. Mijigo yambiri m'dziko muno ndi ya mtundu wa Afridev. Mjigo umenewu unayamba kukonzedwa muno m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa dzina loti Maldev, ndipo ntchitoyo inakapitirizidwa ku Kenya. Amene anaukonza anaika mapulani ake poyera kuti fakitale iliyonse yotsata muyezo ikhoze kuupanga. N'chifukwa chake marodi, mabushi ndi timalabala ta mjigo wa ku Muona timalowanso pa mjigo wa ku Karonga. N'chifukwa chake amayi a m'komiti ya madzi, ataphunzitsidwa masiku ochepa, amatha kuumasula ndi sipanala imodzi. Bungwe limene linakumba chitsimecho likhoza kuchoka, koma madzi amatulukabe, popeza nzeru yokonzera inatsala m'mudzi.

Maganizo omwewo analowanso m'dziko la makompyuta. Mu 1983 Richard Stallman wa ku America anayambitsa ntchito yotchedwa GNU, yofuna kuti pakhale mapulogalamu amene ogwiritsa ntchito ali ndi ufulu nawo. Mu 1991 wophunzira wa ku Finland, Linus Torvalds, anatulutsa Linux. Lero foni iliyonse ya Android imene ili m'matumba mwanumu ili ndi Linux m'kati mwake. Choncho zinthu zimenezi si zachilendo kwa ife, tangokhala osadziwa dzina lake.

Kuno kwathu zayesedwa kale

Pamene alangizi a zaumoyo ndi anamwino a m'zipatala zathu alemba malipoti a pamwezi, mawerengerowo amakalowa m'pulogalamu yotchedwa DHIS2. Imeneyi ndi ya open source, imatsogoleredwa ndi University of Oslo ya ku Norway, ndipo maiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito. Unduna wa Zaumoyo sulipira laisensi kuti uigwiritse ntchito, ndipo Amalawi anzathu ndiwo amaisamala ndi kuisintha kuti igwirizane ndi mafomu a kuno.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, polembera odwala. Pulogalamu yake inalembedwa ndi kukulitsidwa muno m'Malawi, kapangidwe kake kali poyera, ndipo inafalikira m'zipatala zambiri zopereka mankhwala otalikitsa moyo. Ku Neno, dera la mapiri ndi misewu yovuta ngati yathuyi, bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, limasunga mbiri ya odwala m'pulogalamu ina ya open source yotchedwa OpenMRS.

Zitsanzo zimenezi zikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, mapulogalamu otere si zidole, amasenza ntchito yokhudza miyoyo ya anthu. Chachiwiri, konse kumene ayenda bwino kunali anthu ophunzitsidwa owasamala ndiponso ndalama zowasamalira.

Walira mvula walira matope

Pano ndiye pofunika kumvetsetsana, chifukwa mawu oti “yaulere” anamiza ambiri. Mjigo munaulandira kwaulere, komabe mwezi ndi mwezi mumasonkha ndalama ya zipangizo, ndipo ukavuta kwambiri mumaitana mekaniki wa m'dera. Pulogalamu ya open source ndi chimodzimodzi. Simulipira laisensi, koma imafuna pokhala, ndiko kuti kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene nthawi zambiri imachita kubwerekedwa pa malipiro. Imafuna mafoni, bandulo ya intaneti, magetsi kapena sola yotchajira, munthu woiika ndi kuikonza, ndiponso maphunziro a amene aziigwiritsa ntchito. Bungwe limene silinawerengere zimenezi lidzakhala ngati mudzi umene uli ndi mjigo wakufa pakati pa bwalo.

Nanga phindu lake lili pati? Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Tiyerekeze bungwe limene limalipira madola 50 pamwezi pa pulogalamu yake. Mwezi umodzi linalipira K59,000, mwezi wotsatira K85,000, popanda chilichonse chimene chawonjezeka. Onjezanipo vuto lopeza madolawo kubanki. Mukalephera kulipira, chitseko chimatsekedwa maina anu ali m'kati.

Ndinene mosakondera kuti seva yobwereka kunja nayonso imalipiridwa m'madola, ngakhale pulogalamuyo ikhale ya open source. Kusiyana kwake n'kwakuti mukhoza kusamuka. Mtengo ukakwera pano, mumanyamula pulogalamu yanu ndi maina anu onse kupita kwa wina, ngakhale wa muno m'Malawi amene amalandira makwacha. Ndinenenso kuti makampani ena ogulitsa mapulogalamu amachitira chifundo mabungwe. Mwachitsanzo, Salesforce imapereka malaisensi 10 aulere kwa mabungwe oyenerera. Mphatso yotere si yoipa, koma malamulo ake amaika ndi woperekayo, ndipo akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Mafunso asanu ndi limodzi ofunsa musanasankhe

Funso loyamba: kodi imagwira ntchito netiweki ikasowa? Kuno kwathu pali midzi imene munthu amachita kukwera pachulu kuti foni igwire. Nthawi ya madzi osefukira, imene kaundula amafunika koposa, ndi nthawi yomweyo imene magetsi ndi netiweki zimathawa. Pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse ikhoza kukhala yabwino ku ofesi, koma singapite nanu ku Osiyana mu Febuluwale.

Funso lachiwiri: kodi tikafuna kuchoka, tingatulutse maina athu onse mosavuta? Musavomere yankho la pakamwa. Uzani wokuonetsaniyo atulutse maina onse pamaso panu, m'fayilo yotseguka pa kompyuta iliyonse, ndipo asindikize tsamba limodzi muligwire m'manja.

Funso lachitatu: ikavuta akonza ndani, ndipo ali kuti? Ngati yankho lake ndi munthu mmodzi yekha, kaya mzungu wodzipereka amene abwerera kwawo chaka chamawa, kaya mwana wathu amene akudikira kuitanidwa ku ntchito, ndiye kuti tabwerera ku vuto la kope la mlembi. Funsaninso ngati pulogalamuyo ikadali ndi anthu oisamala kumene inachokera. Alipo mapulogalamu a open source amene eni ake anawasiya kalekale, ndipo amenewo ali ngati nyumba yopanda chitseko.

Funso lachinayi: kodi mayi wodzipereka amene analekeza Sitandade 8 angaigwiritse ntchito? Mafunso a pa fomu akhale m'Chichewa kapena m'Chisena, akhale ochepa, ndipo ambiri akhale ongosankha yankho. Pulogalamu imene amaimvetsa ndi wapampando yekha siithandiza bungwe.

Funso lachisanu: ndani aziona chiyani? Woyendera ana a m'mudzi umodzi safunika kuona mbiri ya anthu a wodi yonse. Msungichuma safunika kudziwa matenda a munthu. Pulogalamu yabwino imapatsa aliyense khomo lake ndi mawu ake achinsinsi, ndipo imalemba amene wasintha kanthu ndi tsiku limene wasinthira.

Funso lachisanu ndi chimodzi: wotithandiza akachoka, tidzalipira zingati pachaka, ndipo zidzachokera kuti? Lembani mtengo wa zaka zitatu, osati wa tsiku loyamba lokha. Ngati mutu wa ndalamawo ukuposa zimene bungwe limatolera palokha, sankhani chinthu chocheperapo.

Mapulogalamu amene alipo

Ndiyambe ndi wapansi kwambiri. LibreOffice Calc ndi pulogalamu ya mizere ndi madanga, yofanana ndi Excel, koma yaulere ndi ya open source. Sifuna intaneti. Kwa bungwe la mabanja 100 kapena 200, imeneyi ikalembedwa mwadongosolo imakwanira. Kufooka kwake n'kwakuti munthu akhoza kufufuta mzere wonse mwangozi kapena mwadala popanda wodziwa, ndipo anthu awiri akamalemba m'makompyuta osiyana, mafayilo amayamba kutsutsana.

Yachiwiri ndi KoboToolbox pamodzi ndi mbale wake ODK. Ambiri mwa inu munaziona osazidziwa, chifukwa ndi zimene alembi ambiri amakhala nazo m'matabuleti akabwera kudzachita kafukufuku. ODK inayambira ku University of Washington mu 2008. KoboToolbox inakulira ku Harvard Humanitarian Initiative, ndipo inakonzedwa poganizira malo a ngozi ndi osowa netiweki. Mumalemba pa foni ya Android muli kumudzi, mayankho amasungika m'fonimo, ndipo amatumizika mukafika pogwira netiweki. Mafunso mukhoza kuwalemba m'chilankhulo chilichonse. Mabungwe osapanga phindu amaloledwa kugwiritsa ntchito seva ya Kobo kwaulere mpaka pa mlingo wina. Koma dziwani kuti ntchito yake yaikulu ndi kutolera mayankho. Kusunga ubale wa zaka ndi zaka ndi othandiza anu si kumene inapangidwira.

Yachitatu ndi CommCare, yopangidwa ndi kampani ya Dimagi. Nayonso ndi ya open source, imagwira popanda netiweki, ndipo mphamvu yake ili pa kulondola munthu mmodzi maulendo ambiri, monga mayi woyembekezera kapena mwana wonyentchera. Koma kuti muigwiritse ntchito mokwanira pa seva ya kampaniyo pamafunika malipiro a m'madola, ndipo kuiika pa seva yanuyanu kumafuna katswiri weniweni.

Yachinayi ndi CiviCRM, imene inatuluka mu 2005 ndipo inapangidwira mabungwe osapanga phindu kuyambira pachiyambi. Imasunga maina, zopereka, umembala, misonkhano, makalata ndi nkhani ya munthu aliyense wothandizidwa. Bungwe la Wikimedia Foundation, limene limayendetsa Wikipedia, limasungiramo mbiri ya anthu olipatsa ndalama, zimene zikuonetsa kuti imasenza katundu wolemera. Komabe imakhala pa seva, imafuna intaneti, ndipo imafuna munthu wodziwa kuiika ndi kuikonzanso nthawi ndi nthawi.

Aliponso ena monga SuiteCRM ndi EspoCRM. Ndi abwino ndithu, koma anapangidwa poganizira amalonda, choncho bungwe limataya nthawi kuwasintha kuti alankhule za othandizidwa m'malo mwa makasitomala.

Maganizo anga

Mabungwe ang'onoang'ono a m'midzi asathamangire CRM yaikulu. Ayambe ndi kukonza kope lawo: banja lililonse likhale ndi nambala yake yosasintha, dzina lilembedwe monga lilili pa chiphaso cha unzika, ndipo chilichonse choperekedwa chikhale ndi tsiku ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Kope losokonekera likalowa m'kompyuta limangosanduka kompyuta yosokonekera. Akatero, atenge KoboToolbox yolembera kumudzi ndi LibreOffice Calc yosungira ndi kuwerengera.

Mabungwe okulirapo, amene ali ndi othandiza ambiri ndi malipoti ochuluka, aganizire CiviCRM ya ku ofesi, ndipo Kobo ikhale miyendo yake ya kumudzi. Popeza mutu umodzi susenza denga, mabungwe atatu kapena anayi akhoza kusonkherana seva imodzi ndi katswiri mmodzi, bungwe lililonse likhale ndi chipinda chake chokhoma chimene anzake sangalowemo. Achinyamata ophunzira za makompyuta akutuluka chaka ndi chaka ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre ndi ku University of Malawi ku Zomba. Ena mwa iwo ndi ana a chigwa chino. Tiwapatse ntchitoyi mwa mgwirizano wolembedwa, ndipo aliyense aphunzitse anthu osachepera awiri a m'bungwemo.

Chimene mwasankha chiyeseni kaye miyezi itatu m'midzi iwiri, wina wa pafupi ndi msewu, wina wa kutali, ndipo miyeziyo igwere nyengo ya mvula. Nthawi yonseyo kope lipitirire kulembedwa. Pomaliza, maina asungidwe malo atatu: pa seva, pa kachipangizo kosungira mafayilo kotsekedwa ndi mawu achinsinsi, ndi pa mapepala osindikizidwa mvula isanayambe, okulungidwa m'pulasitiki ndi kukhomeredwa pa malo okwera. Mawu achinsinsi aakulu asakhale ndi munthu mmodzi. Monga bokosi la banki m'khonde limakhala ndi maloko atatu ndi osunga makiyi atatu, kaundula nayenso atetezedwe motero.

Madzi akatayika saoleka

Pali mbali ina yolemera kuposa ndalama. Kope likabedwa, wakuba watenga kope limodzi. Fayilo ikatuluka, imafika m'mafoni zikwi tsiku limodzi. Taganizirani mndandanda wa anthu amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo utalowa m'gulu la WhatsApp. Taganizirani mndandanda woonetsa nyumba zimene muli abale athu achialubino, kapena ana amene anachitiridwa nkhanza, utagwa m'manja mwa anthu oipa mtima. Pamenepo kulakwitsa kwa mlembi kukhoza kutayitsa moyo.

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu aliyense. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 2024 tili ndi lamulo la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira kuti likutsatidwa. Lamuloli limakhudza aliyense wosunga mbiri ya anthu, ndipo mabungwe othandiza anthu sali kunja. Mfundo zake n'zomveka. Munthu auzidwe chifukwa chimene akulembedwera. Zolembedwa zikhale zokhazo zofunika pa ntchitoyo. Zisagwiritsidwe ntchito ina yosiyana ndi imene munthuyo anauzidwa. Mwini dzina ali ndi ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Nkhani za umoyo ndi za ana zimafuna chisamaliro chapadera.

Choncho kwa atsogoleri a mabungwe ndikuti: chimene simukuchifuna musachilembe. Ngati ntchito yanu ndi kugawa mbewu, matenda a munthu simukuwafuna. Zithunzi za ziphaso za unzika zisamayende m'mafoni a anthu. Ndipo kaundula wa othandizidwa asabwerekedwe kwa wandale aliyense, wa chipani chilichonse, ngakhale atalonjeza malata a ofesi.

Gawo la ife eni dera

Kompyuta sichiza bodza. Dzina la munthu wakufa kapena wongopeka likalowetsedwa, kompyuta imalisunga mokhulupirika monga imasungira dzina loona. Chimene imathandiza n'chakuti dzina lolembedwa kawiri limaonekera msanga, ndipo wosintha kanthu amasiya phazi. Koma mlonda weniweni wa chilungamo akadali msonkhano wa pabwalo, pamene maina a olandira thandizo lowonekera, monga chimanga ndi mbewu, amawerengedwa mokweza mudzi wonse ukumva. Mwambo umenewo usathe chifukwa kwabwera tabuleti.

Inu amayi ndi abambo, wina akabwera kudzakulembani, muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti wachokera ku bungwe liti, mainawo akupita kuti, ndipo mungakaone kuti zimene zalembedwa. Wolemba woona safunsa nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena ya Mpamba. Wofunsa zimenezo ndi wakuba, ngakhale atavala yunifomu. Dzina lanu likalembedwa molakwika, musadikire tsiku logawa katundu kuti mudandaule. Pitani msanga ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi.

Ndimalize ndi mapempho atatu. Kwa komiti ya chitukuko ya dera ndi a Khansala: bungwe lililonse lobwera ndi pulojekiti lizifunsidwa tsiku loyamba lomwelo kuti ntchito ikadzatha kaundula adzatsala ndi yani, m'njira yotani, ndipo anthu olembedwawo auzidwa zotani. Yankho lake lilembedwe m'mgwirizano. Kwa khonsolo: tithandizeni ndi malo okwera ndi otetezeka osungirako makope ndi mapepala a mabungwe, ndiponso tilumikizeni ndi akatswiri a makompyuta a ku boma kuti aphunzitse achinyamata athu. Kwa mafumu: pitirizani kuitanitsa misonkhano yotsimikizira maina, chifukwa imeneyo ndiyo imateteza ulemu wa mipando yanu.

Mabungwe amene akufuna kuyesa njira zimenezi apereke maina awo kwa mlembi wa komiti ya chitukuko ya dera tisanabalalike, kuti tipangane tsiku loyamba kukonza makope, mvula isanatipeze.